TRAMU YAKALE YA KU KIMBERLEY NDI FUNSO LA AMBUYA

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'matauni athu a muno m'Zambia simunayendepo tramu ya magetsi, cotero ambiri a inu awerengi mudzafunsa kuti kodi cimeneci n'ciani. Tramu ndi ngolo yonyamula anthu imene imayenda pa njanji monga sitima, koma njanji zakezo zimayalidwa mumseu weni-weni, pakati pa masitolo ndi nyumba za anthu. Iribe mutu woikoka ndiponso sifuka utsi, pakuti mphamvu yake imacokera ku waya wa magetsi wolenjekeka pamwamba pa mseu. Kale matramu anali ambiri m'mizinda ya ku South Africa, koma mabasi anawalanda malo, ndipo ku Johannesburg yotsiriza inayenda m'caka ca 1961. Ku Kimberley anasungako imodzi kuti alendo azikwera ndi kuijambula.

Imeneyo ndiyo ndinapitira m'mwezi wa July, kamera iri m'khosi ndi kabuku kali m'thumba. Colinga canga cinali cacifupi: kubwera ndi zithunzi zokongola zitatu kapena zinai za pa tsamba lino. Zithunzizo ndinabwera nazo ndithu, komanso ndinabwera ndi nkhani ina imene sindinaipitire.

MZINDA WOBADWA PA MWALA

Basi yocokera ku Johannesburg imayenda makilomita pafupi-fupi 480 kulowera kumwera cakumadzulo. Poyamba munthu amaona milu ya dothi la m'migodi ya golide, kenaka minda ya cimanga yopanda malire, ndipo akaoloka mtsinje wa Vaal pa Warrenton dziko limasanduka cigwa couma ca udzu wofiirira ndi mitengo ya minga. Kulibe phiri lakuti maso apumirepo. Munthu wa ku Chipata, wozolowera kuona phiri la Kanjala m'mawa uli wonse, amayamba kudabwa kuti kodi anthu anadzafunanji kuno.

Yankho lake ndi daimondi. M'caka ca 1867 kunadziwika kuti kamwala konyezimira kamene mnyamata wina, Erasmus Jacobs, anatola pafupi ndi mtsinje wa Orange kanali daimondi. Patapita zaka ziwiri kunapezeka wina wamkulu, wolemera makarati 83.5, ndipo mbiri yake inawanda mpaka kutsidya kwa nyanja. M'mwezi wa July 1871 daimondi anapezekanso pa kaphiri kochedwa Colesberg Kopje, pa famu ya abale awiri a banja la De Beer. Anthu zikwi-zikwi anathamangirako ndi mapiki ndi mafosholo. Pasanapite nthawi kaphiri kaja kanatha psiti, ndipo pamalo pake panayamba dzenje.

Msasa wa mahema umene unamera m'mbali mwa dzenjelo unapatsidwa dzina la Kimberley m'caka ca 1873, kutengera nduna ya ku Britain imene inali kuyang'anira maiko a atsamunda. Cuma cinakuza msasawo mofulumira kwambiri. M'caka ca 1882 m'miseu yake munayaka nyale za magetsi, pamene mizinda yambiri ya ku Ulaya inali isanazione. Njanji yocokera ku Cape Town inafika mu 1885, ndipo patangopita zaka ziwiri tramu yoyamba inayamba kunyamula anthu. Lero Kimberley ndiye likulu la cigawo ca Northern Cape.

KUDIKIRA TRAMU

Matramu oyamba a 1887 anali kukokedwa ndi nyulu pakati pa Kimberley ndi tauni yoyandikana nayo ya Beaconsfield. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera a magetsi. Anatumikira mzindawu kwa mbadwo wathunthu, kufikira mabasi ataculuka. Kuyambira 1939 anayamba kutha, ndipo nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itapita sanakhalitsenso m'miseu. M'caka ca 1985 anaukitsako imodzi, nayala njanji kucokera ku City Hall kukafika ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene iri m'mbali mwa dzenje. Masiku ano ulendo wake ndi waufupi, woyambira pa nyumba ya zakaleyo, ndipo mlendo wanzeru amayamba wafunsa ngati iri kuyenda tsikulo asanawononge ndalama ya teksi.

Ndinafika m'mamawa cisanu cisanacoke pa udzu, zala ziri gwa! Tramu inali itaima phee pa njanji, ndipo kunena zoona ndinakhumudwa pang'ono ndi kucepa kwake. Ndi kangolo kopanda zipupa m'mbali, ka mipando ya matabwa yopingasa monga ya m'chalichi ca kumudzi. Woyendetsa amaimirira kutsogolo, dzanja lina pa cogwirira ca magetsi, lina pa buleki. Pamwamba pa denga pali mtengo wacitsulo wopendekeka umene nsonga yake imatsetsereka pa waya. Tramu ikafika kumapeto a njanji sitembenuka iai. Woyendetsa amangosamukira ku mbali inayo, kumbuyo n'kusanduka kutsogolo.

Zithunzi zanga zoyamba zinali zacabe-cabe. Ndinaima cilili m'mbali mwake n'kujambula, ndipo cimene cinatuluka cinaoneka ngati khonde la sitolo. Kumbuyo kwake kunali magalimoto a makono ndi mgolo wa zinyalala. Pamenepo ndinakumbukira mau a akulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayenda wapansi motsata njanji kufikira pamene zimakhota, n'kusankha malo akuti kumbuyo kukhale nyumba zakale za malata zokha-zokha. Ndinanjuta pansi kuti njanji ziyambire m'munsi mwa cithunzi ndi kutsogolera maso ku tramu, ndipo ndinasiya danga pamwamba kuti mtengo wa padenga ndi waya zionekere, popeza popanda zimenezi munthu sangadziwe kuti ndi tramu. Kenaka ndinadikira theka la ora.

Inabwera pang'ono-pang'ono, liwiro lake longa la munthu wopalasa njinga wosafulumira, mawilo ali kulira pa cokhota ndi belu liri ngwe! ngwe! Cenjezo kwa ojambula anzanga ndi lakuti musaime pakati pa njanji. Tramu siphokosera ngati sitima, ndipo munthu amene diso lake liri m'kamera sazindikira kuti cinthu cayandikira.

Nyumba za malata zimene ndachulazi ndi mudzi wakale umene anaumanganso m'mbali mwa dzenje, posonkhanitsa nyumba za m'masiku oyamba a mzindawu. Muli kachalichi ka Lutheran ka 1875, nyumba ya matabwa imene inabwera m'zidutswa kucokera ku England mu 1877, maofesi a ogula daimondi, mabala, sukulu ya nkhonya ya Barney Barnato, ndi ngolo ya sitima ya mipando yawofo-wofo imene munali kuyenda akulu-akulu a kampani ya De Beers. Zonsezi zimakoma m'kamera, maka-maka dzuwa likapendeka ndipo mizere ya malata ikayamba kucita mithunzi.

DZENJE LOKANA KULOWA M'KAMERA

Dzenje leni-lenilo, limene Azungu amalicha Big Hole, munthu amalionera pa mlatho wacitsulo umene unatulukira m'malere pamwamba pa phompho. Ndinayenda nditagwira citsulo ca m'mbali, mawondo ali njenjenje. Pakamwa pa dzenjeli mpotambalala mamita 463, ndipo kukula kwake ndi mahekitala 17. Analikumba mpaka mamita 240. Pambuyo pake dothi lina linagweramo, madzi nadzaza pansi, cotero cimene maso amaona lero ndi phompho la mamita pafupi-fupi 175, ndipo pansi pake pali dziwe lobiriwira losagwedezeka. Pansi peni-peni mgodi unapitirira ndi njira za m'nthaka kufikira mamita 1,097. Kuyambira 1871 kufikira August 1914, pamene nchito inaima, munacoka dothi lopitirira matani 22 miliyoni ndi daimondi wolemera makilogalamu 2,722. Onani kusiyana kwake: dothi longa phiri, koma cuma cake conse cingakwane m'lole imodzi yaing'ono.

Kujambula dzenje lotere ndi nchito yobvuta. Likalowa m'lifupi, kuya kwake kumatsala. Likalowa kuya, m'mbali mumadulidwa. Ndinathandizidwa ndi foni, imene imatha kulumikiza cithunzi cimodzi cacitali pamene munthu ali kuitembenuza pang'ono-pang'ono. Mlathowo uli kumadzulo kwa dzenje, kuyang'ana kum'mawa, cotero m'mawa dzuwa limalasa m'diso la kamera ndipo zonse zimada. Ndi bwino kubwererako dzuwa litapendeka, pamene kuwala kumagwa pa khoma la kutsidya ndi pa nyumba zazitali za m'tauni zimene zaima kumbuyo kwake. Nyumbazo muziike m'cithunzi, pakuti ndizo zokha zimauza woona kukula kwa dzenjelo. Ndipo lamba wa kamera akhale m'khosi, popeza cogwera m'menemo sicibwerera.

Madzulo a tsikulo ndinabwerera ku nyumba ya alendo mtima uli m'malo. Nchito imene ndinapitira inali itatha m'tsiku limodzi.

FUNSO LOCOKERA KU KATETE

Ndinasankha zithunzi zokongola koposa n'kuzitumiza pa foni kwa mlongo wanga ku Katete kuti akaonetse ambuya athu, amene zaka zao zapitirira 80. Pasanapite nthawi foni inalira.

"Inu amuna anga," anatero ambuya, pondiitana monga amacitira ndi adzukulu ao onse aamuna, "cidzenje canu ndaciona, ndi kangolo kanu ndakaona. Nanga eni ake ali kuti?"

"Eni ake ati, ambuya?"

"Amene anakumba. Kodi dzenje limadzikumba lokha?"

Ndinaseka, n'kuwauza kuti anthuwo anamwalira kale-kale. Iwo sanaseke. Anakhala cete kanthawi, kenaka nati, "Ndinayesa kapena muona nkhope."

Pamenepo ndinamvetsa. Atate ao a ambuya anali mchona. Anacoka pamudzi ambuya ali kukwawa, kukafuna ndalama ya msonkho ku Walale, ndipo pambuyo pake kunamveka kuti anaoloka Limpopo kupita ku migodi ya ku Joni. Kalata zinabwera ziwiri, kenaka zii. Ku Kimberley sanafikeko, ndipo nthawi yao inali ya pambuyo dzenjeli litatsekedwa kale. Koma kwa ambuya kumwera konse ndi dzenje limodzi limene linameza atate ao, ndipo alibe ngakhale cithunzi cimodzi cakuti adziwe kuti anali kuoneka bwanji.

Ndinatsegulanso kamera n'kuwerenga. Zithunzi zinali 140. Munali njanji, malata, madzi obiriwira ndi mipando ya akulu-akulu a kampani, koma munalibe cosonyeza munthu ndi mmodzi yemwe wa anthu pafupi-fupi 50,000 amene anakumba dzenjelo ndi manja. Ndinasintha tikiti ya basi, n'kukhalanso masiku awiri.

AMENE ANAKUMBA

M'mawa mwake ndinabwerera ku nyumba ya zakale ija, koma tsopano ndinaima nthawi yaitali pa zithunzi za makedzana zimene dzulo lake ndinazipitirira mothamanga. M'zithunzi za m'ma 1870 dzenje liri lodzala ndi zingwe zikwi-zikwi zocokera m'mphepete kutsikira pansi, ngati ukonde wa kangaude, ndipo pa zingwezo pali ndowa za dothi. Pansi pake pali timadontho takuda tosawerengeka. Timadonthoto ndi anthu.

Anali Apedi, Asutu, Atswana, Azulu ndi Ashangani a ku Mozambique. Ambiri anayenda wapansi masabata ambiri kuti agwire nchito miyezi ingapo ndi kubwerera kwao ndi mfuti, khasu la ng'ombe kapena cuma ca malowolo. M'caka ca 1872 kunakhazikitsidwa lamulo lakuti wanchito aziyenda ndi citupa, ndipo m'zaka zotsatira munthu wakuda anatsekeredwa njira yokhala ndi cigawo cake-cake m'mgodi. Kuyambira 1885 makampani anayamba kutsekera anchito akuda m'makomboni a mipanda yaitali, ponena kuti afuna kuletsa kuba daimondi. Munthu akalowa sanali kutulukanso kufikira pangano lake la nchito litatha. Kucoka pogona kupita m'mgodi anali kudzera m'njira yochingidwa, cakudya anali kugula m'sitolo ya m'kati momwemo, ndipo pamwamba pa mpanda panali ukonde wa waya kuti asaponye mwala kunja. Pofuna kupita kwao anali kusungidwa masiku angapo m'cipinda capadera ali wamarisece, manja atabvekedwa zikopa zopanda zala, ndipo ngakhale cimbudzi cake cinali kufufuzidwa.

Anchito aciyera sanali kutsekeredwa. Kampani inawamangira mudzi wa mitengo ya mthunzi wochedwa Kenilworth, m'mene anali kukhala ndi akazi ndi ana ao, ndipo njanji ya tramu inali kufika kumeneko. Apa ndi pamene ndinayamba kuiona mwa mtundu wina tramu yanga yokongola ija. Munthu wotsekeredwa mumpanda analibe kopita pa tramu.

Liu lathu lakuti komboni, limene timachula tsiku ndi tsiku ku Lusaka ndi ku Migodi osaganizapo kanthu, linacokera ku liu la Cingerezi la mipanda yotereyi. Njira yosungira anchito m'komboni inafalikira ku migodi ya golide ya ku Joni, ya ku Walale, mpaka ku Broken Hill ndi ku migodi yathu ya mkuwa, ngakhale kuti kwathu kuno zipata sizinali zotseka monga ku Kimberley.

Ambiri sanabwerere kwao. Pa 11 July 1888 moto unabuka m'mgodi wa De Beers, dzenje lina la mumzinda womwewu, ndipo unapha anthu 202. Mwa iwo 178 anali akuda. Ena anafa ndi cibayo ndi ciseyeye. M'caka ca 2003 anthu okumba ngalande kunja kwa mpanda wa manda a Gladstone anagunda mafupa, ndipo akatswiri atafukula anapeza anthu oposa 100 oikidwa m'manda opanda cizindikiro, ambiri a iwo amuna a msinkhu wogwira nchito. Maina ao sadziwika.

MLONDA AMENE ANAGULA KAMERA

Nkhope zimene ambuya anafunsa ndinakazipeza kwina, m'dera la nyumba zakale za anthu olemera lochedwa Belgravia. Kumeneko kuli nyumba ya zithunzi ya Duggan-Cronin, imene iri m'manja mwa McGregor Museum. Alfred Duggan-Cronin anali munthu wa ku Ireland amene anafika ku Kimberley mu 1897 nalowa nchito ya De Beers, ndipo anagwirapo ya ulonda m'komboni. M'caka ca 1904 anagula kamera yotsika mtengo, nayamba kujambula anchito amene anali kuwayang'anira. Pakati pa 1919 ndi 1939 anayenda m'midzi ya kumwera kwa Afirika kukajambula mitundu ya anthu kwao kweni-kweni, ndipo m'maulendo ambiri anali ndi mthandizi wake Richard Madela. Anasiya zithunzi zikwi zingapo asanamwalire mu 1954.

Ndi zithunzi zogwira mtima. Munthuyu anali kudziwa kuwala, ndipo anthu ake amayang'ana molunjika, mwaulemu wao wonse. Komabe wojambula mnzake amaona msanga zimene zikusowa. Duggan-Cronin anali kufuna Mwafirika wa zikopa ndi mikanda, wosakhudzidwa ndi tauni, ndipo nthawi zina anali kukonza yekha zobvala ndi kaimidwe ka anthu ake kuti aoneke acikale. Pansi pa zithunzi zambiri pamalembedwa mtundu wa munthu, osati dzina lake. Mdzukulu wofuna agogo ake angathe kuima pamaso pao peni-peni osawazindikira.

Ndinatuluka ndi maganizo awiri. Ndinamthokoza munthuyo cifukwa popanda iye nkhope zimenezi zikanatayika. Ndinaphunziranso kuti kamera sinama, koma mwini kamera amasankha coika m'kati ndi cosiya kunja, monga ndinasiyira mgolo wa zinyalala kunja kwa cithunzi ca tramu.

WA PA KAVALO WOYANG'ANA KWATHU

Pobwerera m'tauni ndinaima pa cifanizo cacikulu ca Cecil Rhodes ali pa kavalo, mapu ali m'manja, nkhope italoza kumpoto. Mlendo wa ku Zambia ayenera kudziwa kuti kumpoto kumene akuyang'anako ndi kwathu.

Rhodes anafika pa migodi iyi mu 1871 ali mnyamata wa zaka 18. Anagula zigawo za anzake cimodzi-cimodzi, ndipo mu 1888 anakhazikitsa kampani ya De Beers Consolidated Mines. Caka cotsatira kampaniyo inalemba ceke ca mapaundi 5,338,650 pogula dzenje lalikulu lija kwa gulu la Barney Barnato. M'caka comweco ca 1889 Rhodes analandira cilolezo ca Mfumukazi Victoria ca kampani ina, British South Africa Company, imene inadzalamulira dziko lathu kufikira 1924. Mu 1890 nthumwi yake, Frank Lochner, inasainitsa pangano Litunga Lewanika. Njanji inacoka pa Kimberley pompano kulowera kumpoto, nifika ku Bulawayo mu 1897, niwoloka Zambezi pa mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya mu 1905, nifika ku Broken Hill, amene lero ndi Kabwe, mu 1906.

Kwa ife a Kum'mawa nkhaniyi iri pafupi koposa. Bwenzi la pamtima la Rhodes linali dotolo amene anayamba kuciritsa anthu mu Kimberley mu 1878, dzina lake Leander Starr Jameson. Kuciyambi kwa 1898 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe zambiri-mbiri. Boma limene anamanga pambuyo pake analicha Fort Jameson, ndilo Chipata wathu wa lero. Kenaka kunabwera msonkho, ndipo msonkhowo ndiwo unatulutsa amuna m'midzi, pamodzi ndi atate ao a ambuya. Ndinaona kuti ambuya sanalakwe kweni-kweni: njira imene inatenga atate ao inayambira pa dzenje lomweli.

Cifanizoco ndinacijambula kucokera kumbuyo, kuti woona cithunzi ayang'ane kumene wa pa kavaloyo akuyang'ana.

KANYUMBA KA MTOLANKHANI

Malo otsiriza anali kanyumba kosadzionetsera mumseu wa Angel, m'mene munali kukhala Sol Plaatje. Iye anafika ku Kimberley mu 1894 monga mtenga-tenga wa positi ofesi, ali ndi maphunziro a pulaimale okha, koma anadziphunzitsa zinenero zambiri. Mu 1910 anayamba kukonza mumzinda uno nyuzipepala ya m'Citswana ndi m'Cingerezi yochedwa Tsala ea Becoana, ndipo mu 1912 anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu woyamba wa bungwe limene linadzasanduka ANC. Lamulo la malo la 1913 litathamangitsa mabanja akuda m'mafamu, iye anayenda m'miseu, nthawi zina pa njinga, kukaona yekha anthu osowa kolowera, nalemba zimene anaona m'buku lochedwa Native Life in South Africa, limene linatuluka mu 1916. Anamwalira mu 1932, ndipo manda ake ali ku West End, mumzinda womwewu. Lero boma la mzindawu ndiponso yunivesite imene inatsegulidwa mu 2014 zimadziwika ndi dzina lake.

Kanyumbako sikakoma m'kamera monga tramu. Koma ine, wolemba m'cinenero ca amai anga, ndinaima pakhomo pake ndi ulemu wa mwana pa manda a mkulu wa nchito yake. Plaatje anaona mzinda womwewo umene Duggan-Cronin anaona, koma iye anali kufunsa anthu kuti ndinu yani, mwacokera kuti, cakugwerani n'ciani.

CITHUNZI CA TSIKU LACITATU

Tsiku lotsiriza ndinabwereranso ku tramu. Ndinapatsa moni woyendetsa, bambo wacikulire wa imvi, n'kumpempha ngati angalole kuti ndimjambule. Anabvomera, nakonza cipewa cake. Ndinalemba dzina lake m'kabuku, n'kumpempha aone ngati ndalemba bwino. Panafikanso ana a sukulu ndi aphunzitsi ao. Ndinapempha cilolezo kwa aphunzitsiwo, ndipo anawo anadzaza mipando yonse ali kufuula m'Citswana ndi m'Cibunu. Ndinapita pa cokhota canga cija, n'kunjuta monga kale. Njanji, waya ndi malata zinali zomwezo, koma tsopano tramu inali ndi anthu, ndipo anali ana a anthu amene makolo ao akanakhala m'kati mwa mpanda.

Kwa inu amene mudzayenda ndi kamera kapena foni, kaya ku Kimberley, kaya ku nyumba ya masitima akale ku Livingstone, pa mkuyu waukulu wa pakati pa Kabwe, pa nyumba nambala 394 ku Chilenje kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni, ndikusiyirani zimene ulendowu unandiphunzitsa. Yambani mwafunsa mbiri ya malo musanatulutse kamera, pakuti mbiriyo ndiyo idzakuuzani poima. Dikirani kuwala kwabwino. Pemphani musanajambule munthu, ndipo akakana musaumirire. Akalola, lembani dzina lake, malo ndi tsiku. Pomaliza tsukitsani zithunzi zingapo pa pepala, cifukwa foni imatayika ndiponso imafa, koma pepala losungidwa bwino m'sutukesi limafika kwa adzukulu.

Nditabwerera ndinapita ku Katete ndi zithunzi zisanu za pa pepala. Ambuya anaziyang'ana pakhonde cimodzi-cimodzi. Ca dzenje anaciika pambali msanga. Ca tramu yodzala ndi ana anacigwira nthawi yaitali, nacitembenuza, ndipo mlongo wanga anawawerengera dzina la woyendetsa limene ndinalemba kumbuyo.

"Tsono mwayenda dziko lonseli kukajambula eni ake," anatero, "ine munandijambulapo liti?"

Ndinalibe coyankha. Analowa m'nyumba, nabvala citenje cao ca ku chalichi ndi duku latsopano, nakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango. Ndinadikira dzuwa lipendeke. Cithunzico ciri pa khoma tsopano, ndipo kumbuyo kwake ndinalemba monga anandilamulira: dzina lao, mfunda wao, mudzi wao, tsiku, ndi dzina la atate ao amene anapita kumwera.